Kusankha tebulo la pool lokoma kusewerapo ndiponso lokhalitsa: mafunso ndi mayankho kwa ogula a ku Chipata

Matebulo a pool afika paliponse m'chigawo chathu cha Kum'mawa. Mudzawapeza m'mabala a ku Kapata ndi ku Navutika, pansi pa zisakasa za malata m'mbali mwa Great East Road ku Katete ndi ku Sinda, m'malo ogona alendo, ngakhalenso m'nyumba za anthu. Ogula ambiri amakopeka ndi kuwala kwa penti ndi kubiriwira kwa nsalu, koma dzinja limodzi likangodutsa amadabwa kuona mipira ikuyenda mokhota, osewera nawo atasamukira kwa mnansi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo pa malonda awa mawuwo ndi oona, pakuti ubwino wa tebulo uli m'zinthu zimene nsalu yabisa.

Kodi funso loyamba kwa wogulitsa liyenera kukhala lotani?

Mufunseni chimene chili pansi pa nsalu. Matebulo a mpikisano amayalidwa mwala wa sileti, umene umang'ambika mwachibadwa m'magawo aphanthiphanthi, kenaka amaupala ndi makina mpaka usalale mofanana kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Sileti yambiri ya matebulo imakumbidwa ku Italy, ku Brazil, ku China ndi ku India. Opanga matebulo amaikonda chifukwa simwa chinyezi, sifufuma, sipindika ndi kutentha, ndiponso kulemera kwake kumachititsa kuti tebulo lisagwedezeke wosewera akalitsamira pofuna kufikira mpira wakutali.

Matebulo otsika mtengo amayalidwa thabwa la MDF, lomwe ndi utuchi wosalala wosakaniza ndi guluu n'kupanikizidwa mwamphamvu. Tsiku logula, thabwalo limakhala losalala ndithu ndipo mpira umayenda bwino, moti munthu wosadziwa sangaone kusiyana. Vuto limabwera ndi mvula. Kuno kwathu imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi kapena Epulo, mpweya umakhala wachinyezi kwa miyezi yambiri, ndipo denga la malata likangodontha pang'ono usiku umodzi kapena botolo la mowa likatayikira pa nsalu, thabwa limamwa madziwo n'kufufuma, makamaka m'mphepete mwa mabowo. Thabwa lofufuma silibwereranso mwakale ngakhale muliyanike padzuwa. Ngakhale madzi asaligwere, pakapita zaka limayamba kubwama pakati chifukwa cha kulemera kwake komwe, ndipo mipira yoyenda pang'onopang'ono imayamba kukokekera kumeneko.

Mudzamvanso za matebulo oyalidwa mwala wa mabo (marble). Pa nkhani ya chinyezi amaposa thabwa kutali, koma ubwino wake umadalira mmene mmisiri anaupalira mwalawo ndi makulidwe ake, choncho ayeseni monga mmene tafotokozera m'munsimu. Ponena za makulidwe, matebulo a mtundu wa ku England nthawi zambiri amakhala ndi sileti imodzi yathunthu yokhuthala pafupifupi mamilimita 19, pamene matebulo akuluakulu a mtundu wa ku America amakhala ndi zidutswa zitatu zokhuthala pafupifupi mamilimita 25.

Maganizo athu ndi akuti tebulo la bizinesi, limene lidzagwira ntchito kuyambira masana mpaka usiku tsiku lililonse, liyenera kukhala la mwala. La thabwa n'loyenera m'nyumba youma, la ana ndi alendo a apo ndi apo.

Popeza nsalu yaphimba, ndingatsimikize bwanji kuti ndi mwala?

Gwadani muyang'ane kunsi kwa tebulo ndi tochi ya foni, kapena mupemphe wogulitsa atsegule chitseko cha m'mbali. Sileti imaoneka yotuwa moderako ndipo imazizira mukaikhudza, pamene MDF imaoneka yofiirira ngati katoni. Gogodani pamwamba ndi mfundo ya chala: mwala umayankha mawu aafupi ndi olimba, thabwa limalira ngati mulibe kanthu m'kati. Yesaninso kunyamula ngodya imodzi. Tebulo la sileti lotalika mapazi 7 limalemera kupitirira makilogalamu 200, motero ngati anyamata awiri akulinyamula mosavutika, m'menemo mulibe mwala. Wogulitsa amene akukana kuti muone kunsi wakuyankhani kale.

Nanga kuyesa ngati mpira ukuyenda molunjika kumachitika motani?

Musayese ndi kumenya kwamphamvu, chifukwa mpira wothamanga umadutsa pa chilema chilichonse osaonetsa kanthu. Chilema chimaonekera pamene mpira watsala pang'ono kuima. Tengani rula kapena kathabwa kopyapyala, mukapendeketse pang'ono pa nsalu, muike mpira pamwamba pake n'kuusiya utsetsereke wokha, kuti dzanja lanu lisaupotoze. Kenaka werameni mpaka diso lifanane ndi m'mphepete mwa tebulo, muuyang'anitsitse pamene ukutha mphamvu. Pa tebulo labwino umaima pamzere womwewo umene unayambira. Pa tebulo lolakwika, m'kagawo komaliza kotalika ngati chikhatho, umapatuka mwakachetechete n'kutsamira mbali imodzi. Chitani zimenezi m'litali, m'lifupi, chopingasa kuchokera ngodya ina kupita ngodya ina, ndiponso m'mphepete mwa kushoni iliyonse, kutanthauza khoma lofewa la m'mbali mwa tebulo limene mpira umagunda.

Kumasulira zimene mwaona n'kofunika. Ngati mipira yonse ikupatukira mbali imodzimodzi, ndiye kuti tebulo langopendekeka, ndipo zimenezo zimakonzeka posintha miyendo. Koma ngati mpira wochokera kumanja ukupatukira kumanzere, wochokera kumanzere ukupatukira kumanja, yonse ikusonkhanira pakati, ndiye kuti pamwambapo pabwama, ndipo palibe mwendo umene ungakonze zimenezo. Tebulo lotero lisiyeni ngakhale mtengo utatsika chotani.

Ndigule lalikulu motani, ndipo chipinda changa chikwanira?

Pali mitundu iwiri imene anthu amaisokoneza. Mtundu wa ku England, umene kawirikawiri umaseweredwa ndi mipira 7 yofiira, 7 yachikasu ndi umodzi wakuda, uli ndi matebulo a mapazi 6 kapena 7, mipira ya mamilimita 50.8 ndi mabowo ang'onoang'ono a milomo yozungulira. Mtundu wa ku America uli ndi matebulo a mapazi 7, 8 kapena 9, mipira yokulirapo ya mamilimita pafupifupi 57, ndi mabowo otakasuka a milomo yowongoka. Mtundu wa mipira wokha usakupusitseni, pakuti mipira ya manambala ndi mizere imapangidwanso pa muyeso wa ku England. Chofunika n'chakuti mipira, mabowo ndi makushoni zikhale za muyeso umodzi. Mipira ya ku America pa tebulo la ku England imakanirira pamilomo ya mabowo ndipo imatsekereza njira za m'kati. Musanasankhe, pitani m'malo amene achinyamata a m'dera lanu amasewerako muone muyeso umene anazolowera, chifukwa wosewera wofuna kukonzekera mpikisano amafuna tebulo lofanana ndi limene akakumane nalo.

Za chipinda, werengerani ndodo, osati tebulo lokha. Ndodo yodziwika imatalika masentimita pafupifupi 145. Pa tebulo la ku England la mapazi 7, malo osewerapo ndi pafupifupi masentimita 183 m'litali ndi 91 m'lifupi. Mukawonjezera utali wa ndodo mbali zonse ziwiri, mupeza kuti mukufunika chipinda cha mamita pafupifupi 4.7 m'litali ndi 3.8 m'lifupi, osawerengera mipando ndi malo oimirira oonerera. Tebulo la ku America la mapazi 9 lili ndi malo osewerapo a masentimita 254 ndi 127, choncho limafuna holo ndithu. Mashopu ambiri a m'makomboni mwathu ndi opanikiza, ndipo ndi bwino kugula la mapazi 6 limene osewera angalizungulire momasuka kusiyana ndi la mapazi 7 limene ndodo izigunda khoma. Ngati pali mzati umodzi wokha wosokoneza, ndodo yaifupi ya masentimita pafupifupi 120 imathandiza pa malo amenewo.

Makushoni ali ndi ntchito yanji pa kukoma kwa masewera?

Pambuyo pa mwala, makushoni ndiwo amasiyanitsa tebulo limene anthu amaliimira pamzere ndi limene amalithawa. M'kati mwa kushoni muli labala womatidwa ku thabwa, ndipo labala ameneyu ndiye amabweza mpira. Wosewera waluso amawerengera kumene mpira udzapite ukagunda kushoni kamodzi kapena kawiri, motero kushoni ikamabweza mosiyanasiyana luso lake limapita pachabe.

Yesani motere. Menyani mpira woyera mwamphamvu ndithu molunjika m'litali mwa tebulo: pa labala wamoyo ndi nsalu yabwino uyenera kuyenda utali wa tebulo katatu kapena kanayi usanaime. Kenaka yendani mozungulira mukusindikiza kushoni ndi chala chachikulu malo ndi malo. Iyenera kulowa pang'ono n'kubwerera msanga, mofanana ponseponse. Pamene labala wauma pamamveka ngati thabwa, ndipo pamene guluu wasiya pamasuntha ndipo mpira ukagunda pamamveka kuti phu, n'kubwerera mwaulesi. Yang'ananinso msinkhu wake. Mlomo wa kushoni uyenera kukhudza mpira pamwamba pang'ono pa pakati pake. Muyeso wa WPA, bungwe loyang'anira masewera a pool padziko lonse, ndi pafupifupi magawo 63.5 pa 100 a msinkhu wa mpira. Ukatsika kwambiri mpira umadumpha ukagunda, ndipo ukakwera kwambiri umaupanikizira pansi n'kuulanda mphamvu.

Mdani wa labala ndi dzuwa ndi kutentha. Tebulo limene limawombedwa ndi dzuwa la mu Okutobala mbali imodzi masana alionse limayamba kuuma makushoni a mbali imeneyo. Choncho funsani ngati makushoni amamasuka ndi mabawuti kuti asinthidwe paokha, ndiponso ngati wogulitsa amasunga ena a muyeso womwewo.

Ndi nsalu yotani imene ingapirire fumbi la kuno?

Nsalu za pool zilipo za mitundu itatu ikuluikulu. Yoyamba ndi ya ubweya wa nkhosa yokhala ndi tiubweya togonera mbali imodzi, monga Strachan 6811 yopangidwa ku Stroud m'dziko la England. Imapatsa wosewera mphamvu yolamulira mpira woyera koma imafuna chisamaliro cha tsiku ndi tsiku. Yachiwiri ndi yosalala yopanda tiubweya, monga Simonis ya ku Belgium, imene imathamangitsa mpira ndipo imakondedwa pa matebulo a ku America. Yachitatu ndi yosakaniza ubweya ndi nayiloni, yolimba ndiponso yotsikirapo mtengo. Kwa bala kapena malo a achinyamata kumene aliyense amagwira ndodo, kuphatikizapo ophunzira amene amabaya nsalu ndi nsonga, yachitatuyi ndiyo yanzeru. Pewani nsalu wamba yobiriwira yogula kwa atelala, chifukwa imatambasuka, imachita makwinya pakhomo pa mabowo ndipo imapota timpira taubweya timene timapatutsa mpira.

Dziwani kuti nsalu ndi chinthu chotha, ndipo tebulo la bizinesi lidzafuna nsalu yatsopano mobwerezabwereza pa moyo wake. N'chifukwa chake sitilangiza munthu kukana tebulo la mwala wabwino chifukwa nsalu yathothoka, kapena kulipira ndalama zambiri chifukwa nsalu ikuwala. Chimene chimafupikitsa moyo wa nsalu kuno ndi fumbi la kuyambira Ogasiti mpaka mvula itayamba, pamodzi ndi fumbi la choko chopaka kunsonga kwa ndodo. Timchenga timeneti timalowa m'ulusi, ndipo mpira ukamadutsa umatipera ngati sandipepa. Sesani tsiku lililonse ndi burashi yofewa, molunjika mbali imodzi yokha, kuchokera kumene mumaika mpira woyera poyamba masewera kupita kumene mumasanja mipira. Musapukute ndi nsanza yonyowa, ndipo mukatseka phimbani tebulo lonse.

Kodi matebulo opangidwa ndi amisiri akuno ndi odalirika?

Angathe kukhala odalirika kwambiri, ndipo ali ndi ubwino umene tebulo lochokera kunja lilibe: wolipanga ali pafupi, moti chinthu chikavuta amabwera kudzakonza. Koma muyenera kukambirana naye momveka bwino ntchito isanayambe. Mtengo ukhale wolimba ndi wouma, monga mlombwa, umene ambiri kuno amautcha mukwa, womwe chiswe sichiukonda. Matabwa aawisi amaoneka bwino tsiku lolandira, koma akamauma m'chilimwe amanyala, malumikizidwe amatseguka ndipo mwala umatsala wopanda pokhazikika mofanana. Ngodya ndi miyendo zimangidwe ndi mabawuti, osati misomali, pakuti misomali imazuka pang'onopang'ono anthu akamatsamira ndi kukhalira m'mphepete. Pansi pa mwala pakhale mipanda yopingasa yokwanira kuti pakati pasalendewere, ndipo mwendo uliwonse ukhale ndi phazi lachitsulo lopotokola posintha msinkhu. Ngati thupi la tebulo ndi la chitsulo chowotcherera, onani kuti lapakidwa penti yoletsa dzimbiri m'kati momwe, osati kunja kokha.

Kumene amisiri ena amaphonya ndi pa kudula mabowo. Onse anayi a m'ngodya ayenera kukhala ofanana, awiri a pakati nawonso ofanana. Tengani mipira iwiri muyese pakhomo pa bowo lililonse, muone ngati mpata wotsala ndi umodzimodzi. Pemphani mmisiriyo akuonetseni tebulo limene anapanga zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, mukaliyese komweko ndi kucheza ndi mwini wake.

Ndisankhe makina a makobidi kapena a matokeni?

Makina olandira ndalama, amene amatulutsa mipira wosewera akalipira, amapangidwa molingana ndi kukula kwa kobidi imodzi. Ndalama ya dziko lino inasintha mu 2013 pamene Kwacha inachotsedwa maziro atatu, ndipo mu 2025 Bank of Zambia inatulutsa ndalama zatsopano zokhala ndi makobidi a K2 ndi K5. Kusintha kotere kukachitika, kapena mukangofuna kukweza mtengo wa gemu, makina a makobidi amafuna kusinthidwa. Matokeni, tizitsulo toponya m'makina m'malo mwa makobidi, alibe vuto limeneli, chifukwa mumangosintha mtengo wogulitsira pa kauntala. Chenjezo lake n'lakuti matokeni anu asafanane ndi a tebulo la mnansi, apo ayi anthu adzagula kumene kuli kotchipa n'kudzasewera kwa inu.

Sankhani makina okankha ndi dzanja, amene sadalira magetsi. Lowetsani mipira yonse m'mabowo osiyanasiyana, mumvetsere ngati ikutsika mosakanirira, kenaka muike tokeni muone ngati yonse 15 yatuluka. Pa matebulo a mtundu wa ku England mpira woyera umachepa pang'ono, mamilimita 47.6, n'cholinga choti udutse pa kanjira kakekake n'kubwerera kwa wosewera pamene inayo ikutsekeredwa. Ukasowa, musaike woyera uliwonse umene mwaupeza. Wofanana kukula ndi inzake udzatsekeredwa m'kati nthawi zonse. Chitseko chochotsera zotsekereza, monga zitsekerero za mabotolo ndi zidutswa za choko, chikhale ndi kiyi wosiyana ndi wa bokosi la matokeni.

Mipira ndi ndodo zili ndi kanthu pa kukhalitsa kwa tebulo?

Zili nako. Mipira ya pulasitiki wolimba kwambiri wotchedwa phenolic resin, monga Aramith ya ku Belgium, imakhala yosalala kwa zaka zambiri, pamene ya polyester yotsika mtengo imagumuka msanga, ndipo mpira wogumuka umakanda nsalu paliponse pamene wadutsa. Ndodo imene chikopa cha kunsonga chathothoka ndiyo imang'amba nsalu kawirikawiri, choncho sungani nsonga zapadera ndi guluu, ndipo ndodo yopanda nsonga ichotsedwe nthawi yomweyo. Pogula ndodo, igubuduzeni pa tebulo: yokhota imadumphadumpha. Muziimika mowongoka pa choikapo chake m'malo moziyedzamiritsa kukhoma, kumene zimapindika.

Kodi ndingaike tebulo pakhonde kapena pansi pa chisakasa?

Ambiri amatero chifukwa cha kuchepa kwa malo, ndipo n'zotheka ngati tebulo ndi la mwala. Pansi pakhale simenti yolimba yokwera kuposa pamene madzi a mvula amadutsa, osati dothi, chifukwa dothi likanyowa miyendo imamira mosiyana ndipo chiswe chimakwera mosavuta. Denga lituluke mokwanira kuti mvula ya mphepo isafike, mbali yolowera dzuwa itchingidwe, ndipo usiku muziphimba ndi lona losalowa madzi. Nyali ikhale pamwamba penipeni pa tebulo kuti mipira isakhale ndi zithunzithunzi zazitali. Mababu a LED oyendera batire la sola amakwanira magetsi akazima.

Nanga logwiritsidwa kale ntchito?

Tebulo la sileti lakale nthawi zambiri limaposa la thabwa latsopano la mtengo wofanana. Chofunika kuona ndi mwala: pemphani kuti makushoni amasulidwe kapena muyang'ane kunsi, mufufuze ming'alu, makamaka yochokera pa mabowo. Kagumu kakang'ono kamamatika n'kusalazidwa, koma mng'alu wodutsa pakati ndi chifukwa chokwanira cholisiyira. Bayani matabwa a miyendo ndi sikuludiraiva kuti mudziwe ngati chiswe kapena anankafumbwe sanadye m'kati. Kenaka wonjezerani pa mtengo ndalama za nsalu yatsopano, makushoni ngati auma, mipira, mayendedwe ndi mmisiri wokhazikitsa, ndipo chiwerengero chimenecho ndicho muyerekeze ndi mtengo wa latsopano.

Lidzafika bwanji kuno osawonongeka, ndipo ndani adzalikhazikitsa?

Kuchokera ku Lusaka kufika ku Chipata ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 570, wodutsa m'mapiri ndi m'makona a kufupi ndi mlatho wa Luangwa, ndipo mwala wosamangidwa bwino ungasweke panjira. Amene akugula ku Lilongwe kudzera pa chipata cha Mwami afunse za msonkho ku Zambia Revenue Authority asanapangane mtengo, kuti asadzadzidzimuke pa malire. Njira yabwino ndiyo kuchotsa sileti m'tebulo, kuikulunga m'mabulangete n'kuiimika cham'mbali, yomangidwa zolimba kukhoma la lole, chifukwa mwala wogonekedwa chafufumimba umalandira kugunda kulikonse kwa msewu pakati pake. Gwirizanani polemba kuti ukasweka panjira adzalipira ndani. Potsitsa pakhale amuna osachepera anayi, ndipo tebulo lisakokedwe pansi, pakuti kukoka kumamasula miyendo.

Likafika pamalo pake, ikani levulo ya amisiri omanga pakati pa tebulo m'litali, kenaka m'lifupi mbali zonse ziwiri, mukupotokola mapazi a miyendo pang'onopang'ono mpaka kathovu kakhale pakati. Musagwiritse ntchito makatoni opinda pokweza mwendo, chifukwa amaphwanyika pakangopita masiku ochepa. Ngati mapazi sasinthika, ikani tizitsulo taphanthiphanthi. Pomaliza bwerezani kuyesa kwa mpira woyenda pang'onopang'ono, popeza umaonetsa zimene levulo yaifupi singaone. Pakatha milungu ingapo yesaninso, chifukwa tebulo lolemera limakhazikika pang'onopang'ono, ndipo jambulani ndi penti pamene mwendo uliwonse waima kuti osesa akalisuntha mudziwe polibwezera.